Hita ya MGB yanga sikutentha: kodi ndichotse bokosi lonse?

Funso: Ndimakhala ku Leeds, ndipo chaka chatha ndinagula galimoto ya MGB GT ya 1972. Injini ikuyenda bwino, koma hita ndiye ayi. Ndikapotokola batani mpaka kumapeto mumangotuluka kamphepo kofunda pang'ono, ndipo m'mawa galasi lakutsogolo limachita nthunzi moti ndimayendetsa kansalu kali m'manja. Mnzanga wina akuti ndizule bokosi lonse la hita ndigule latsopano. Kodi ndi momwemo? Zida ndili nazo zochepa, koma ntchito yamanja sindiiopa.

Yankho: Achimwene, bokosilo musalikhudze kaye. Pa ntchito zonse za hita ya MGB, kuzula bokosi ndiye kovuta kwambiri, ndipo nthawi zambiri vuto silikhala m'menemo. Munthu amatha kutha Loweruka ndi Lamlungu akulimbana nalo, n'kulibwezeretsa, kenaka hita n'kumazizirabe chifukwa chimene chinavuta ndi kachitsulo kotchipa kamene kali poyera pa injini.

Choyamba timvetsetse kuti hita imeneyi ilibe moto wakewake. Imabwereka kutentha kwa madzi a mu injini. Madzi otenthawo amatuluka pa hedi, kumtunda kwa injini, kudzera pa valavu, n'kulowa m'karadiyeta kakang'ono kamene kali m'bokosi lakuda la kampani ya Smiths, kumbuyo kwa injini, pansi pa galasi lakutsogolo. M'masitolo a masipeya karadiyetako amakatchula kuti heater matrix. Akatuluka mmenemo, madziwo amadzera m'chitoliro chachitsulo chodutsa m'mbali mwa injini n'kukalowa m'payipi yapansi ya radiyeta yaikulu. Mpweya umalowera pa kachitsulo ka mabowo kamene kali kutsogolo kwa galasi, fani n'kuukankha kuti upyole m'karadiyetako, kenaka upite kumapazi kapena kugalasi. Ndiye kuti hita ikamazizira, mwina madzi sakutentha mokwanira, mwina akutentha koma sakufika, mwina akufika koma mpweya ukulambalala. Dzanja lanu likhoza kusiyanitsa zitatuzi musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Yendetsani galimotoyo kwa mphindi ngati 20, batani la hita lili kotentha kwenikweni. Muime, mutsegule boneti, musamale ndi fani ya injini ndi lamba wake, kenaka mugwire mapayipi awiri a labala olowa m'bokosi la hita. Muyang'anenso geji ya kutentha pa dashibodi. Pa galimoto ya 1972 muvi uyenera kukhala cha pa N, pakati pa geji.

Ngati muvi ukungokhala pafupi ndi C, mbali yozizira, ndipo mapayipi onse, ngakhale yaikulu yapamwamba ya radiyeta, ndi ofunda chabe, yambani ndi thermostat. Ili kutsogolo kwa hedi, pansi pa chivindikiro cha manati atatu pamene pamalowa payipi yapamwambayo. Ntchito yake ndi kutsekera madzi mu injini mpaka atenthe, kenaka n'kuwalola kupita ku radiyeta. Ikafa ili yotsegula, madzi amazungulira mu radiyeta kuyambira pamene mwaliza injini, ndipo chifukwa fani ya MGB ya chaka chimenecho imazungulira ndi injini nthawi zonse, m'chisanu cha kwanuko ku Yorkshire madziwo sangatenthe. Mukhoza kuiyesa m'mawa injini ili yozizira: ilizeni, dzanja likhale pa payipi yapamwamba. Payipiyo iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka n'kutentha mwadzidzidzi thermostat ikatseguka. Ikamafunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, thermostat yafa kapena mulibemo n'komwe.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ife ochokera kumudzi tili ndi chizolowezi chimene tiyenera kuchisiya. Amakaniko ambiri kwathu, galimoto ikangoyamba kutentha, amachotsa thermostat n'kuitaya, ena n'kulumikiza mapayipi a hita kuti madzi asalowenso m'karadiyetako. Kumalo otentha ngati ku Nsanje mwini galimoto sazindikira msanga kuti chinachake chasowa, koma injini yoyenda yozizira imamwa mafuta ambiri, imatha msanga, ndipo oyilo wake amada mofulumira. Ku Britain kuno zotsatira zake mumazimva m'zala tsiku lomwelo. Ma thermostat a injini ya MGB amagulitsidwa a mitundu itatu: yotseguka pa madigiri 74, pa 82 ndi pa 88. Ya 82 ndi imene imagwira bwino chaka chonse. Ya 88 imapereka hita yotentherapo, ndipo kwa munthu woyenda kwambiri m'nyengo yachisanu ndi yabwino, bola radiyeta yaikulu ikhale yoyera m'kati. Ya 74 ndi ya kumayiko otentha, kwa inu ilibe phindu. Manati atatu aja amakhala atagwirana ndi dzimbiri, choncho athireni mafuta ofewetsa usiku wake, ndipo mugule gasiketi yatsopano musanayambe.

Tsopano tiyerekeze kuti muvi uli pa N, injini yatentha bwino, koma mapayipi onse awiri a hita ndi ozizira, kapena imodzi yangofunda pafupi ndi injini. Apa ndi pamene ma MGB ambiri amagwera, ndipo wopalamula amakhala valavu. Muipeza kudzanja lamanja la injini, mbali ya mapulagi, yomangidwa pa hedi ndi mabawuti awiri, pamwamba penipeni pa distributor, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi. Kebulo yochokera ku batani la pa dashibodi imakoka kamkono kake. Uzani wina apotokole batani inu mukuyang'ana kamkonoko. Kawirikawiri chikopa cha kebulo chimakhala chitapulumuka pa kachitsulo kogwira, moti batani limazungulira bwinobwino koma kamkono kamangosuntha theka la ulendo wake. Masulani kebuloyo, mukankhe kamkonoko ndi dzanja mpaka kumapeto, muyendetsenso galimoto. Hita ikatentha, ntchito yanu ndi yongomanga kebulo pamalo oyenera: batani likhale kotentha kwenikweni, kamkono kali kotsegula kwenikweni, kenaka mumange kasikuluu.

Kamkono kakauma, kapena kakamasuntha koma madzi osadutsa, chotsani valavuyo. Muyambe mwatsitsa madzi injini itazizira, ndipo muphimbe distributor ndi pepala la pulasitiki. Mukaichotsa, suzumirani m'bowo limene latsala pa hedi. Pa injini zambiri za zaka 50 bowolo limakhala litatsekeka ndi dzimbiri louma, nthawi zina mpaka kungotsala kampata kolowa singano. Likolokoseni ndi sikuludilaiva yaing'ono kapena kawaya kolimba mpaka litseguke lonse. Anthu ambiri amaika valavu yatsopano pa bowo lotsekeka n'kumadabwa kuti palibe chasintha. M'kati mwa valavu muli kalabala kamene kamauma n'kung'ambika ndi ukalamba, ndipo kakang'ambika madzi amadonthera pa distributor, injini n'kuyamba kudukiza kapena kuzima pamsewu. Chifukwa cha ichi, valavu imene yaonetsa mkute woyera kapena wobiriwira m'mbali mwake ine sindiisunga, ngakhale ikugwirabe ntchito. Yatsopano imapezeka mosavuta kwa ogulitsa masipeya a MG, monga Moss Europe kapena sitolo ya MG Owners' Club, ndipo mukaigula muipemerere ndi pakamwa musanaimange kuti mutsimikize kuti ikutseguka ndi kutseka.

Pali chinanso chimene chimaletsa madzi kuyenda ngakhale valavu ili bwino: mpweya wotsekeredwa. Karadiyeta ka hita kali pamwamba poyerekeza ndi mbali zina zodutsa madzi, choncho madzi akachepa mu radiyeta, kapena wina akawathira valavu ili yotseka, mpweya umasonkhana mmenemo. Zizindikiro zake ndi phokoso la madzi kukhuthuka kuseri kwa dashibodi, komanso hita imene imatentha mukaponda mafuta n'kuzizira mukaima pa maloboti. Imikani galimoto kutsogolo kutakwera pang'ono, valavu itseguke, mudzaze radiyeta injini ili yozizira, kenaka muilize chitsekerero chili chochotsa mpaka thermostat itseguke, mukuwonjezera madzi akamatsika. Zikakanika, masulani pang'ono payipi yotuluka m'bokosi la hita mpaka madzi atuluke opanda thovu, n'kuimanganso. Mpweyawo ukamabwerera sabata ndi sabata, madzi akumachepa popanda podontha pooneka, kapena pansi pa chitsekerero cha oyilo pakuoneka zoyera zonanda zambiri, nkhani yake si ya hitanso. Kayezetseni gasiketi ya hedi ku galaja. Ndipo chonde, chitsekerero cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha. Madziwo amakhala opanikizika ndipo amathovokera kumaso.

Njira yachitatu imene dzanja lanu lingakuuzeni ndi iyi: payipi yolowa ikuotcha, yotuluka ndi yozizira kapena yongofunda ngakhale fani ya hita ili yozima. Apo karadiyeta katsekeka m'kati. Timipata take ndi tating'ono kwambiri, ndipo bulokho ndi hedi ya injini ya MGB ndi zachitsulo chimene chimachita dzimbiri, makamaka ngati eni ake akale ankathira madzi a pampopi okha. Zinyalala zonsezo zimakathera mmenemo. Koma ngakhale apa, bokosi silifunika kuchoka. Chotsani mapayipi onse awiri, muike payipi ya madzi a kumunda kumbali yotulukira kuti madzi ayende chobwerera, ina yoonekera m'kati ikatsirire mu ndowa. Poyamba mutuluka zofiirira zokhuthala ngati phala la mawere. Pitirizani, mukusinthasintha mbali, mpaka madzi atuluke oyera ndiponso mwamphamvu. Mpopi muutsegule pang'ono chabe. Zitsekerero za radiyeta za MGB zimapirira kupanikizika kwa pakati pa 7 ndi 15 psi malingana ndi chaka, pamene madzi a pampopi wa m'nyumba amaposa pamenepo kangapo, ndipo karadiyeta kakale kakhoza kuphulika. Ngati madzi akudutsabe movutikira, thiranimo madzi ofunda osungunuliramo citric acid, muwasiye maola angapo, kenaka mutsukuluze bwinobwino. Soda wowotcha uja wotsegulira masinki musamuyerekeze. Mudziwenso kuti kutsuka kotere nthawi zina kumaulula kabowo kamene dzimbiri linali kutseka. Zikatero ndiye kuti karadiyetako kanali katatha kale.

Pochotsa mapayipi a labala samalani kwambiri. Timatoliro totuluka m'karadiyetako ndi tamkuwa, tomatidwa ndi mtovu, ndipo mukapotokola payipi yakale mwamphamvu timathyokera m'kati. Ing'ambeni ndi mpeni chotsata utali wake, muisende, mugule yatsopano. Ndi ya theka la inchi, ndipo si yodula.

Mukamadzazanso, sankhani antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana ndi chisanu, moganizira zaka za galimotoyo. Radiyeta ndi hita ya MGB ndi zamkuwa ndi mtovu, choncho zimafuna antifreeze wachikale wa ethylene glycol, amene ku Britain kawirikawiri amakhala wabuluu. Wamakono wa mtundu wa OAT, amene nthawi zambiri amakhala wofiira kapena wa olenji, anapangidwira injini zatsopano za aluminiyamu. Pa galimoto yanu mupeweni. Mtundu wa madziwo usakhale umboni wokha, werengani zolembedwa pa chigubu. Injini yonse ndi hita zimalowa malita pafupifupi 6, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka, likhale antifreeze. Mumusinthe pakatha zaka 2 zilizonse, chifukwa mankhwala oletsa dzimbiri amatha mphamvu ngakhale madziwo akuonekabe abuluu. Wakale uja musamutaye m'ngalande kapena kumusiya m'beseni pabwalo. Ndi wotsekemera, ndipo amapha amphaka, agalu ngakhalenso ana. Muthireni m'chigubu chotseka mukamusiye kumalo otayirako zinyalala a khonsolo.

Tsono tibwere ku mbali ya mpweya, imene ndikuganiza kuti ikukhudza kwambiri nkhani ya galasi lanu. Ngati mapayipi onse awiri akuotcha koma m'galimoto muli zii, madzi alibe mlandu. Yatsani fani ya hita injini ili yozima, kiyi ali pa on, mumvetsere. Ikakhala chete, onani fyuzi yake. Ikapsa mudzaona kuti mawaipa nawonso afa. Ngati mawaipa akugwira, vuto lili pa switchi kapena pa timalumikizo ta mawaya pafupi ndi mota. Magetsi a kampani ya Lucas a nthawi imeneyo amalumikizidwa ndi timitu tachitsulo tolowetsana, ndipo tikachita dzimbiri timadya mphamvu. Yezani ndi mita pa mota penipeni fani ikuzungulira. Ngati batire ili pa 12 volts koma pa mota pakufika 9, fani singakankhe mpweya wokwanira. Tsukani timituto ndi sandipepa, ndipo waya wakuda wa ethi muutsatire mpaka pamene wamangidwa pa bodi.

Pali kanthu kena kamene kamapusitsa ngakhale amakaniko odziwa. Fani ya hita imeneyi ndi ya mtundu woti ngakhale izungulire chobwerera, imatulutsabe mpweya mbali yomweyo, koma wochepa kwambiri. Mamota ambiri, makamaka ogula m'malo mwa akale, amatembenuka mukasinthanitsa mawaya. Pa galimoto imene yadutsa m'manja ambiri, n'zosavuta kuti wina analumikiza mosemphanitsa. Sinthanitsani mawaya awiri a pa mota, muike dzanja potulukira mpweya, musiye mbali imene ikupemerera mwamphamvu.

Kenaka gonani chagada pansi pa dashibodi ndi tochi. Pali timapayipi tiwiri topita ku timipata ta pansi pa galasi. Timapulumuka kapena kung'ambika, mpweya wotentha n'kumathera kuseri kwa dashibodi galasi lili chinyezi. Batani lachiwiri, losankha pakati pa mapazi ndi galasi, limakoka kachitseko kamene kali pansi pa bokosi la hita. Litembenuzeni mumve ngati mpweya ukusinthadi njira. Komanso MGB ili ndi kachitseko kena ka mpweya wozizira pakati, pansi pa dashibodi, kokhala ndi chogwirira chakechake. Kakatsala kotsegula, kapena labala wake akatha, mphepo yakunja imalowa mwachindunji n'kugonjetsa hita ngakhale ili bwino chotani. Muonenso mabowo odutsa mawaya ndi makebulo pakati pa injini ndi mokhala anthu. Timalabala take tikagwa, mphepo imadzera momwemo.

Nthunzi ya pagalasi imandichititsa kufunsa chinthu china: kapeti yanu ndi youma? Ikwezeni mugwire pansi pake. Ngati ndi yonyowa ndi madzi onunkhira motsekemera, ndipo pagalasi pamatsala utoto wamafutamafuta umene kansalu kamangoupaka, karadiyeta kakudontha. Ngati ndi madzi wamba, ndi a mvula. Pansi pa kachitsulo ka mabowo kaja, ka kutsogolo kwa galasi, pali chipinda chosonkhanira mpweya, ndipo chili ndi kapayipi ka labala kotayira madzi pansi pa galimoto, pafupi ndi giyabokosi. Masamba ndi dothi zimakatseka, madzi n'kudikha, kenaka n'kulowa m'kati ndi kudya bodi. Katseguleni ndi kawaya kofewa, muthire madzi pamwamba muone ngati akutuluka pansi. Galimoto yonyowa m'kati imachita nthunzi ngakhale hita ikhale yatsopano. Kumbukiraninso kuti ngakhale galimoto yopitirira zaka 40 ikhoza kusafunika MOT, kuyezedwa kwa galimoto kwa chaka ndi chaka, lamulo 229 la Highway Code, buku la malamulo a pamsewu, limafuna kuti magalasi akhale opanda nthunzi musananyamuke. Kansalu kaja si kokwanira pa msewu wa M62 usiku.

Nanga bokosi lichoke liti? Lichoke ngati karadiyeta kakudontha, ngati kakanikiratu kutsukika, kapena ngati mapayipi onse akuotcha, fani ikupemerera mwamphamvu, koma mpweya ukutulukabe wozizira. Chomaliza ichi chimatanthauza kuti siponji yozungulira karadiyetako yafumbutuka, mpweya ukudutsa m'mbali m'malo mopyola pakati. Ngati kadontha pakati pa ulendo, lumikizani payipi ya pa valavu ndi yobwerera kuti mukafike kunyumba. Kuzula kwenikweniko kumafuna kuleza mtima: kutsitsa madzi, kuchotsa mapayipi ndi mawaya, kumasula timasikuluu ta m'munsi mwa bokosi, kutulutsa timapayipi ta kugalasi kuchokera m'kati, ndiponso kumasula kebulo ya kachitseko kuti ituluke pamodzi ndi bokosi. Pa magalimoto a zaka za m'ma 1970 pali chilabala chokhuthala kuseri kwa bokosi chimene chimaligwira zolimba, ndipo n'chimene chimavutitsa potulutsa ndi pobwezeretsa. Muchipake girisi wa silicone. Sopo wotsukira mbale amaterera bwino koma ali ndi mchere, ndipo malo amenewo dzimbiri silichedwa. Bokosilo likatuluka limatseguka ndi timakilipu. Musagule lonse latsopano. Chitsulo chake chimatsukika n'kupentedwa. Gulani karadiyeta, siponji zatsopano, ndipo ngati thumba likulola, karadiyeta kowonjezera mphamvu ndi fani yokulirapo zimene ogulitsa masipeya a MG ali nazo. Musanabwezeretse, yang'anani chitsulo chimene bokosi linakhalapo, chifukwa mwayi woona malo amenewo subwera kawirikawiri. Ntchito imeneyi ine ndingaisungire miyezi ya June kapena July, pamene zala zikugwira bwino ndipo kunja kukuchedwa kuda.

Ndikuuzeni zoona pa zimene mungayembekezere. MGB inatuluka ku fakitale ya ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo hita yake sinapangidwe kuti ifanane ndi ya galimoto za masiku ano. Koma ikakhala bwino imatenthetsa mapazi ndi kuyeretsa galasi, ndipo GT yanu, poti ili ndi denga lachitsulo, imasunga kutentha kuposa ija ya denga lansalu.

Chotsala ndi cha moyo wanu. Mukatseka mipata yonse ya mphepo, utsi uliwonse wolowa m'galimoto umakhalitsa. Pa GT, labala wa chitseko chakumbuyo akatha, utsi wa ekizozi umayamwidwa kulowa m'kati galimoto ikuyenda, makamaka windo lakutsogolo likatsegulidwa pang'ono. Mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo suoneka. Umayamba ndi mutu kuwawa ndi tulo. Onani labalayo, muone ngati ekizozi sikuphulika penapake kuyambira pa injini mpaka kumbuyo, ndipo mugule kachipangizo ka batire kolira kakamva mpweya umenewu mukaike m'galimoto musanayambe maulendo a nyengo yachisanu mawindo ali otseka.